Dotolo David Bruce, Mlondola Mapazi a Nthenda

Anthu a ku Mgona, ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Area 25 sadaiwale dzinja la 2022 ndi 2023, pamene kolera idalowa m'makomo mwathu. Mliriwo udayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 udali utagwira anthu oposa 58,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 1,700. Boma la Lilongwe ndilo lidaposa maboma onse pa kuchuluka kwa odwala. Sukulu za mumzinda zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo pa 13 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adafika ku Mgona kudzayambitsa ntchito yotchedwa Tithetse Kolera.

Pa maliro a masiku amenewo anthu ankafunsana kumene nthendayo yadzera. Ena adaloza chala anansi awo, ena nkhalamba za m'mudzi, ndipo ena adafika pokayikira azaumoyo omwe amene ankachezera usiku kupulumutsa odwala. Funso limeneli ndi lakale, ndipo kuyankha kwake molakwa kwadanitsa abale ambiri. Tsono lero tifuna kukusimbirani, owerenga athu, za moyo wa munthu wina amene adatha zaka zake zonse akufunsa funso lomweli, nalifunafuna yankho ndi maso ake. Dzina lake ndi David Bruce. Adali sing'anga wa asilikali a ku Mangalande, ndipo ntchito yake idamfikitsa m'chigawo chathu chino chapakati, paphiri la Kasu kufupi ndi Mvera.

Ubwana wake ndi ukwati wake

David Bruce adabadwira ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa 29 Meyi 1855. Makolo ake adali a ku Scotland, ndipo mwanayo ali ndi zaka zisanu adabwerera naye kwawo, nakhazikika mumzinda wa Stirling. Adasiya sukulu ali ndi zaka 14 napita kukagwira ntchito ya malonda ku Manchester. Adali mnyamata wamtali ndi wamphamvu, wokonda mpira, koma chibayo chidamgwetsa ali ndi zaka 17, ndipo atachira adabwerera ku maphunziro. M'chaka cha 1876 adalowa sukulu yaukachenjede ya Edinburgh ndi mtima wophunzira za nyama ndi mbalame. Pambuyo pake adatembenukira ku using'anga, natsiriza m'chaka cha 1881.

Ali pantchito yake yoyamba ku Reigate adakomana ndi Mary Elizabeth Steele, mwana wa dotolo wa kumeneko, ndipo adakwatirana m'chaka cha 1883, chaka chomwe iye adalowa using'anga wa asilikali. Sadakhale ndi ana. Kuyambira tsiku la ukwati wawo Mayi Bruce adatsagana ndi mwamuna wawo kulikonse kumene adatumidwa. Iwo ndiwo ankakonza magazi pa timagalasi, kulera tizilombo m'mabotolo, ndi kujambula ndi dzanja zonse zimene zinkaoneka m'galasi lokuza zinthu lotchedwa maikulosikopu. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'banja limeneli mawuwa adatsimikizika zaka 48.

Malungo a pachilumba cha Malta

M'chaka cha 1884 Bruce adatumidwa ku Malta, chilumba cha m'nyanja ya Mediterranean kumene kunkakhala asilikali ambiri a ku Mangalande. Kumeneko kudali nthenda yosautsa. Munthu ankatentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuphwanya m'mfundo, nachira pang'ono, nabwereranso kudwala, kotero kuti msilikali mmodzi ankatha miyezi itatu ali m'chipatala. Madotolo ambiri ankati chimadzetsa nthendayo ndi mpweya woipa wochokera padoko ndi m'ngalande zonyansa.

Masiku amenewo nzeru yakuti matenda ambiri amadza ndi tamoyo tosaoneka ndi maso idali yachilendo. Robert Koch wa ku Germany adali atangoonetsa kachilombo ka chifuwa chachikulu m'chaka cha 1882. Bruce adagula maikulosikopu ndi ndalama zake, nayamba kupima ziwalo za asilikali akufa. M'kapamba wa mmodzi adaona tinthu tating'ono kwambiri tozungulira. Mothandizana ndi mkazi wake ndi dotolo wa ku Malta komweko, Giuseppe Caruana Scicluna, adatilera m'botolo m'chaka cha 1887, natibaya mwa apusi. Apusiwo adadwala, ndipo tinthu tomweto tidapezekanso m'matupi mwawo. Tizilombo timeneti ndi ta m'gulu lotchedwa mabakiteriya, ndipo kuyambira 1920 timadziwika ndi dzina lakuti Brucella, pokumbukira iyeyu.

Koma kuona kachilombo sikudachepetse odwala, pakuti khomo lake lolowera mwa anthu lidali lisadadziwike. Padapita zaka 18. M'chaka cha 1904 adakhazikitsa bungwe la madotolo lofufuza nkhaniyi, Bruce ali mtsogoleri wake, ndipo mu 1905 mmodzi wa iwo, Themistocles Zammit, mbadwa ya Malta, adapima magazi a mbuzi napeza kuti zambiri zidali ndi kachilomboko ngakhale zinkaoneka zathanzi. Kachilomboko kankatuluka mumkaka. Ku Malta abusa ankayenda ndi mbuzi khomo ndi khomo kukama pamaso pa wogula, ndipo anthu ankayesa mkaka wotere wabwino koposa. Ngakhale m'chipatala odwala ankamwetsedwa mkaka womwewo kuti apeze mphamvu. Chaka chomwecho sitima yapamadzi yotchedwa Joshua Nicholson idanyamula mbuzi za ku Malta zopita ku America. Amalinyero ambiri amene adamwa mkaka wosaphitsa adadwala, koma amene ankayamba auwiritsa adapulumuka. Mu 1906 mkaka wa mbuzi udaletsedwa m'misasa ya asilikali, ndipo nthendayo idazilala pakati pawo msangamsanga, popanda mankhwala atsopano.

Ng'ombe za Azulu ndi madzi a ku Ladysmith

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1894 Bruce adali ku Natal, ku South Africa, ndipo Bwanamkubwa wa kumeneko adampempha kuti akaone nthenda yotchedwa nagana imene inkatha ng'ombe za Azulu. Iye ndi mkazi wake adayenda masabata angapo pa ngolo ya ng'ombe, nafika paphiri la Ubombo mu Novembala, nakhala m'kanyumba komata ndi dothi. M'magazi a ng'ombe zodwala adaona tamoyo tosambira ngati tinsomba. Timeneti si mabakiteriya, koma mtundu wina wokulirapo wotchedwa trypanosome.

Apa ndipo padaoneka luso lake lenileni. Paphiripo padalibe ntchentche ya kashembe, koma m'chigwa idali yambiri. Tsono iye ankatsikira m'chigwa ndi akavalo athanzi kwa maola ochepa, osawalola kudya msipu kapena kumwa madzi, nabwerera nawo, ndipo akavalowo ankadwala. Kenaka adagwira akashembe m'chigwa, nakwera nawo paphiri kuti alume kavalo amene sadatsikeko, ndipo nayenso adadwala. Pomaliza adatenga magazi a nyama zakuthengo nabaya mwa agalu, ndipo agalu adadwala. Motero adatsekera kunja msipu, madzi ndi mpweya, natsala ndi njira imodzi: kachilombo kamakhala mwa nyama zakuthengo osazidwalitsa, ndipo kashembe amakatenga nakapereka kwa ziweto. Azulu ankanena kale kuti nthendayo imatsata nyama zakuthengo, ndipo alenje ankanena za ntchentche. Bruce adaonetsa kuti onsewo adagwira mbali ya choona. Mu 1899 kachilomboko adakatcha Trypanosoma brucei.

Nkhondo ya Mabunu itabuka, banjali lidatsekeredwa mumzinda wa Ladysmith masiku 118, kuyambira Novembala 1899 kufikira Febuluwale 1900. Bruce ankayang'anira chipatala cha mahema cha Intombi, ndipo Mayi Bruce ankatsogolera anamwino m'chipinda cha opaleshoni, ntchito imene adalandira nayo mendulo ya Royal Red Cross. Kumeneko adaona ndi maso kuti tayifodi ndi kamwazi zidapha anthu ambiri kuposa mizinga. Anthu adali atathithikana pamalo amodzi, zimbudzi zosakwanira, ndipo madzi akumwa ankachokera mumtsinje woipitsidwa wa Klip. Njira imeneyi, yochoka m'chimbudzi cha wodwala kukafika m'kamwa mwa wathanzi, ndiyo yomwe kolera idayendamo pakati pathu.

Mapu awiri a ku Uganda

M'chaka cha 1903 bungwe la akatswiri la Royal Society lidamtuma ku Uganda, kumene nthenda ya kaodzera inkapululutsa midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Mliri umenewo udapha anthu oposa 200,000. Dotolo wachinyamata wa ku Italy, Aldo Castellani, adali ataona trypanosome m'madzi a mumsana wa odwala ena. Bruce, pokumbukira za ku Ubombo, adaganiza msanga za kashembe. Adapempha mafumu a Buganda, motsogozedwa ndi nduna yaikulu Apolo Kagwa, pamodzi ndi amishoni, kuti amtumizire ntchentche zoluma za m'madera awo ndi kumuuza ngati kumeneko kuli odwala. Adalemba mapu awiri, ena osonyeza kumene kuli kashembe wa m'mbali mwa madzi, ena osonyeza kumene kuli kaodzera. Atawayerekeza, madontho ake adagwera pamalo amodzimodzi. Patapita zaka zochepa Boma lidasamutsa anthu kuchoka m'mphepete mwa nyanja, ndipo imfa zidachepa, ngakhale kusamukako kudadzetsa mavuto aakulu kwa asodzi ndi alimi otaya malo awo.

Mu 1908 Mfumu ya ku Mangalande idampatsa ulemu wa dzina la Sir, ndipo chaka chomwecho adabwerera ku Uganda. Iye ankayesa kuti kashembe amangonyamula kachilombo pakamwa monga singano yakuda. Koma mu 1909 Friedrich Kleine wa ku Germany adaonetsa kuti kachilomboko kamayamba kakula masabata angapo m'thupi mwa ntchentcheyo. Bruce adayesa yekha, napeza kuti mnzakeyo adalondola.

Paphiri la Kasu

M'chaka cha 1910 madotolo awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, adapeza mtundu wina wa kaodzera mwa munthu amene adadwalira m'chigwa cha Luangwa. Mtundu umenewu ndi waukali, umapha m'miyezi yochepa. Nthawi yomweyo odwala adayamba kuoneka m'chigwa cha kunyanja kwathu kuno, cha ku Domira Bay. Tsono mu 1911 Royal Society idatuma Bruce ku Nyasaland, pamodzi ndi mkazi wake ndi madotolo David Harvey, A. E. Hamerton ndi J. B. Davey. Masiku amenewo Lilongwe adali kaboma kakang'ono ka nyumba zowerengeka. Adamanga msasa wawo paphiri la Kasu, loyang'ana chigwa cha Salima, pamwamba posafika kashembe, monga adachitira ku Ubombo.

Adakhala kumeneko kufikira 1914. Ntchito yake idali yofuna kupirira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamata a m'midzi yozungulira ankatsikira m'chigwa kukagwira akashembe, alenje ankapha nyama, amtengatenga ankakwera ndi magazi ndi mabokosi a ntchentche, ndipo paphiripo ntchentchezo zinkalumitsidwa apusi, agalu ndi mbuzi, kenaka n'kutumbulidwa imodziimodzi. Anthu athu amenewa ndiwo ankalowa m'dera loopsa tsiku ndi tsiku, ngakhale ulemu udapita kwa Azungu. Adapeza kuti pafupifupi nyama imodzi mwa zitatu za m'chigwamo idali ndi trypanosome yodwalitsa, ina yopha ziweto, ina yogwira anthu, makamaka nakodzwe, mphoyo ndi gwape. Adatsimikizanso zimene Kinghorn ndi Yorke adapeza ku Luangwa, kuti kashembe wa m'tchire louma ndiye amapereka nthendayi kwa anthu. M'malipoti ake Bruce adalemba dzina lomwe makolo athu ankaitchula, kaodzera.

Tisabise zolakwa zake. Iye adaumirira kuti kachilombo kogwira anthu kuno n'komweko kopha ng'ombe ku Ubombo. Lero tidziwa kuti n'tapachibale tosasiyana pooneka, koma kamodzi kokha ndiko kamatha kupirira m'magazi a munthu. Adalangizanso Boma kuti nyama zakuthengo za m'madera a kashembe ziphedwe, ndipo m'zaka zotsatira ku Southern Rhodesia kudaphedwa nyama mazana a zikwi. Tsopano kashembe amamtchera ndi nsalu zabuluu ndi zakuda zopaka mankhwala, ndipo odwala, amene amapezekabe cha ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, amachira akafika msanga kuchipatala. Bruce adalinso munthu waukali pakamwa, wouma dzanja poyamika anzake. Adakangana ndi Castellani zaka zambiri, ndipo Zammit sadalandire kwa iye ulemu womuyenera.

Zaka zake zotsiriza

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Bruce adayang'anira sukulu ya madotolo a asilikali ku Millbank, mu London. Adatsogolera ofufuza za kafumbata, amene kachilombo kake kamakhala m'dothi nalowa pabala, nalimbikitsa kuti wovulala aliyense abayidwe mankhwala oteteza. Adatsogoleranso ofufuza malungo a m'maenje a nkhondo, amene mu 1918 adatsimikizika kuti amayenda ndi nsabwe. Adapuma pantchito mu 1919. Mu 1924 adalankhula kwa akatswiri ku Toronto, ndipo mutu wa nkhani yake udali kupewa matenda.

Mayi Bruce adamwalira pa 23 Novembala 1931. Mwamuna wawo adali gone ku London, ndipo adatsirizika pa 27 Novembala, tsiku la mwambo wa maliro a mkazi wake. Asadafe adapempha kuti aliyense wolemba za ntchito yake atchule bwino thandizo la mkazi wakeyo, ndipo ife tayesa kusunga pempholo.

Njira zake ndi zowerengeka

Maikulosikopu ya Bruce sinkatha kuona gulu lina la tizilombo, laling'ono kopambana mabakiteriya, lotchedwa mavairasi. Iwowa adayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1930, atapangidwa makina amphamvu a magetsi. Bakiteriya ndi kamoyo kodzidalira, kotha kuswana m'madzi, m'chakudya kapena m'thupi, ndipo kolera, tayifodi, chifuwa chachikulu ndi chindoko ndi za gulu limeneli. Vairasi saswana pokhapokha atalowa m'kati mwa timaselo ta munthu kapena nyama, ndipo chikuku, chimfine, poliyo, chiwewe, HIV ndi COVID-19 ndi za gulu lakelo. Mankhwala onga penisilini amapha mabakiteriya okha. Kumwa makapisozi ogula pamsika chifukwa cha chimfine n'kutaya ndalama, ndiponso kumazoloweretsa mabakiteriya kuti asamamve mankhwala.

Magulu awiriwa, ngakhale asiyana, amayenda njira zomwezo. Yoyamba ndi ya chimbudzi, madzi, chakudya ndi manja osasamba. Yachiwiri ndi ya mpweya, pamene wodwala atsokomola m'chipinda chotseka mazenera kapena m'minibasi yodzaza. Yachitatu ndi ya magazi ndi kugonana, malezala ndi singano zobwerekana, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa khanda. Yachinayi ndi ya nyama ndi tizilombo toluma. Ndipo monga mbuzi za ku Malta, wonyamula nthenda kawirikawiri amaoneka wathanzi. Ambiri otenga kolera kapena poliyo sadwala konse, koma amataya tizilombo m'chimbudzi chawo. Mu Febuluwale 2022 Boma lidalengeza kuti mwana wina wa muno mu Lilongwe wapuwala ndi poliyo, nthenda imene idali isadaonekenso m'Malawi chiyambire 1992. Atapima kachilomboko adapeza kuti mtundu wake udachokera ku Pakistan. Kadayenda ulendo wonsewo kuchoka mwa munthu kulowa mwa munthu, ambiri a iwo osadziwa kanthu.

Tsono inu akatekisiti ndi atsogoleri a m'miphakati, amene anthu amakufunsani pa maliro ndi pa matenda, nthenda ikagwa pakhomo yambani mwafunsa monga ankafunsira Bruce. Banjali limatunga kuti madzi, ndipo chitsime chake chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Ndani wina amatunga pomwepo? Mumtsuko amamwera chikho chimodzi chomwe amatungira? Wodwala adadya kuti dzana ndi dzulo, ndipo ndani adachapa zovala zake? Wotsokomola masabata awiri wapita kukapimitsa makhololo? Ana adalandira katemera wa chikuku, wa poliyo, ndi wa tayifodi amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Meyi 2023? Wotsegula m'mimba mwadzidzidzi amwetsedwe madzi a Thanzi ali panjira ya kuchipatala, ndipo thupi la womwalira ndi kolera lisiyidwe m'manja mwa azaumoyo, pakuti osambitsa maliro ndi ophika pasiwa akhoza kunyamula nthendayo m'manja kukafikitsa m'mbale za anthu onse.

Mvula ikayandikira, mafunso amenewa tiwafunse tisadamve kulira kwa mnansi. Tiwiritse madzi kapena kuwathira kolorini, tivundikire zimbudzi, tiike sopo kapena phulusa pakhomo pake, ndipo wodwala timtengere kuchipatala tsiku lomwelo.